Akuti ndasankhidwa kulowa m'gulu la akatswiri pa intaneti. Ndilipire?

Funso

Ndinamaliza maphunziro a zowerengera ndalama zaka ziwiri zapitazo ndipo ndikugwira ntchito ya kanthawi pa kampani ina yaing'ono ku Blantyre. Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera ku kampani ina ya pa intaneti imene ikuti imalumikizanitsa anthu ophunzira ndi olemba ntchito, kuno kwathu ndi kunja. Akuti ndasankhidwa, dzina langa lilowa m'kaundula wa akatswiri, ndipo ndikalipira madola 99 pa chaka CV yanga izionedwa ndi makampani akuluakulu. Mayi wina waimba kale kawiri kundiuza kuti malo atha Lachisanu. Webusaiti yawo ndi yooneka bwino kwambiri. Ndingadziwe bwanji kuti ndi anthu oona?

Yankho

Achimwene, ndalamazo zisachoke m'thumba Lachisanu lino. Sindikufulumira kunena kuti anthuwo ndi akuba, chifukwa pali makampani ena olembetsedwa bwinobwino amene sathawa ndi ndalama, koma amagulitsa chinthu chopanda phindu. Komabe m'kalata yanu muli kale zizindikiro ziwiri zolemera. Mwasankhidwa pa mpikisano umene simunalowe. Ndipo akuti malo akutha, chonsecho kaundula wa pa intaneti si minibasi ya ku Limbe yoti ikadzaza inyamuka. Kuwonjezera dzina limodzi sikuwadyera kanthu. Tsiku lomalizalo analiika kuti musapeze mpata wofufuza.

Funso loyamba si la maonekedwe a webusaiti. Ndi ili: kampaniyi imadya kuchokera kwa yani? Malo okhazikika olumikizanitsa anthu pa ntchito amapeza ndalama zambiri kwa olemba ntchito ndi otsatsa malonda. Tengani LinkedIn, imene inayamba mu 2003 ndipo Microsoft inaigula mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni. Kutsegula akaunti, kulemba mbiri yanu ya ntchito, kulumikizana ndi anthu ndi kufunsira ntchito zonse ndi zaulere. Olipira kwambiri ndi makampani osaka antchito, ndipo iwo amalipira chifukwa pamalopo pali anthu ambiri ngati inu. Kampani yotero siingakutsekereni chitseko, poti inuyo mukachoka nayonso yaluza. Koma kampani imene chakudya chake chonse chimachokera kwa ofuna ntchito ilibe chokakamiza kuti ikupezereni ntchito. Mukangolipira, yakolola kale. Chimene chatsala ndi kukugulitsani chinthu china.

Mfundo imeneyi ili m'malamulo. Pangano nambala 181 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, la mu 1997, limanena kuti makampani opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchito. Ku Britain lamulo la mu 1973 limaletsa zimenezi, kupatula ntchito zochepa monga za zisudzo, ndipo ku South Africa lamulo la mu 2014 loona za kupezera anthu ntchito limaletsanso. Nchifukwa chake ochenjera amapewa kulemba kuti "tikupezerani ntchito." Amalemba kuti akugulitsa umembala, kapena kuonekera, kapena mwayi. Werengani imelo yanu ija kachiwiri ndipo mulembe mzere pansi pa lonjezo lililonse loti mungaliwerenge ndi zala. Kawirikawiri mupeza kuti palibe. Mawu oti "CV yanu izionedwa" sanena kuti ionedwa ndi yani, kangati, liti.

Si kulipira kulikonse kumene kuli koipa. LinkedIn yomweyo ili ndi gawo lolipira lotchedwa Premium, ndipo inu owerengera ndalama mumalipira umembala ku ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi. Kusiyana kwake nkwakuti mtengo umalembedwa poyera musanalankhule ndi munthu, chimene mukugula chimatchulidwa ndi dzina, ndipo palibe amakuimbirani kukuuzani kuti mwapambana.

Makampani a kaundula wa akatswiriwa ali ndi kayendetsedwe kodziwika, ndipo ndi bwino mukadziwe mayiwo asanaimbenso. Amatola mayina ndi ma adiresi a imelo pa LinkedIn, pa masamba a ntchito kapena m'mindandanda yogula, kenaka amatumiza kalata imodzimodzi kwa anthu zikwizikwi. Woimba foni amayamba ndi kukutamandani. Amakufunsani timafunso ta mphindi zisanu: mumanyadira chiyani pa ntchito yanu, mukudziona muli pati zaka zisanu zikubwerazi. Mukayankha chilichonse, amakuuzani mosangalala kuti mwavomerezedwa. Mtengo umabwera pamapeto, mutima wanu utafewa kale. Amayamba ndi mtengo wokwera, mukadodoma amatsitsa, mukadodomanso amati akafunse kwa abwana awo ndipo amabwera ndi mtengo "wa inu nokha." Patapita miyezi iwiri kapena itatu amaimbanso: mwasankhidwa kukhala katswiri wa chaka, ndipo chikho, satifiketi ya m'galasi ndi nkhani yanu m'magazini yawo zili ndi mtengo wake. Woimbayo si wolemba ntchito ayi, ndi wogulitsa amene amalipidwa malinga ndi anthu amene wawakopa.

Tsopano kufufuza. Lamulo lake ndi limodzi: umboni uchokere kumene kampaniyo ilibe mphamvu. Zonse zili pa webusaiti yawo analemba okha.

Yambani ndi dzina lenileni. Pansi penipeni pa webusaiti, kapena pa tsamba la Terms and Conditions, payenera kukhala dzina limene analembetsa ku boma, nambala ya kampani ndi adiresi ya ofesi. Ngati palibe, imani pomwepo. Ngati akuti ali ku Britain, lembani dzinalo pa webusaiti ya Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani kumeneko. Ndi zaulere, ndipo mudzaona tsiku limene kampani inalembetsedwa, mayina a oyendetsa ndi malipoti a chuma. Monga wowerengera ndalama, malipoti amenewa muwamva bwino: kampani imene ikudzitama kuti ili ndi mamembala miyandamiyanda koma malipoti ake akuti dormant, kutanthauza kuti sikuchita malonda alionse, yadziulula yokha. Ku South Africa kaundula wa makampani ali ku bungwe la boma la CIPC. Ku America makampani amalembetsedwa m'chigawo chilichonse pachokha, nthawi zambiri ku ofesi ya Secretary of State wa chigawocho. Ngati akuti ali kuno kwathu, apempheni satifiketi ya kulembetsa bizinesi ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo mukatsimikize ku ofesi ya boma yolembetsa makampani m'malo mokhulupirira chithunzi chimene akutumizirani pa WhatsApp. Koma dziwani malire a umboni umenewu. Kulembetsa kampani ku Britain kumatheka tsiku limodzi pa ndalama zochepa. Kusapezeka m'kaundula wa boma ndi umboni waukulu woti pali chinyengo. Kupezekamo kumangosonyeza kuti wina anadzaza fomu.

Kenaka onani msinkhu wa webusaiti. Pitani pa lookup.icann.org, lembani adiresi yawo, ndipo muyang'ane tsiku limene inalembetsedwa. Ngati akunena kuti akhala akutumikira akatswiri kwa zaka khumi ndi zisanu koma adiresiyo ili ndi miyezi inayi, mwapeza bodza loyamba. Pa web.archive.org mungaone mmene tsambalo linkaonekera m'mbuyomo. Nthawi zina mupeza kuti adiresi yakale ndithu, koma chaka chatha inkagulitsa nsapato.

Kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi, ndi zilembo za https, kasakunyengeni. Kamangonena kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa ndi wina m'njira. Sikanena kanthu za khalidwe la wolandirayo, ndipo masiku ano aliyense amakapeza kwaulere. Maonekedwenso a webusaiti amagulidwa opangidwa kale. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Imelo imene munalandira iyang'aneni adiresi yake yonse, osati dzina lokha limene likuoneka pamwamba. Kampani yaikulu yolemba kuchokera pa Gmail kapena Yahoo ndi yokayikitsa. Onetsetsaninso chilembo ndi chilembo, chifukwa atambwali amatengera mayina a makampani odziwika n'kusintha kachilembo kamodzi kapena kuwonjezera mawu monga careers kapena global. Adiresi ya ofesi iikeni pa Google Maps. Ngati pa chitseko chimodzi pali makampani mazanamazana, ameneyo ndi adiresi yobwereka yongolandirira makalata.

Anthu ake nawo afufuzeni. Tengani chithunzi cha mkulu wa kampani ndi cha "mamembala okhutira" aja, muziike mu Google Lens, chida cha Google chofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo pa intaneti. Nkhope imene ikuti ndi ya woyang'anira za chuma ku London ikapezekanso pa chotsatsa mankhwala otsukira mano, nkhani yatha. Mayi amene akukuimbiraniyo mufunseni dzina lonse ndipo mumuyang'ane pa LinkedIn. Pa akaunti ya munthu aliyense pali pamene pamasonyeza mwezi ndi chaka chimene inatsegulidwa. Akaunti ya mwezi wathawu, yokhala ndi anzake makumi awiri ndi mbiri ya zaka khumi za ukatswiri, ndi yopeka. Zithunzi zopangidwa ndi kompyuta kawirikawiri sizipezeka mu Google Lens, choncho kusapezeka kwa chithunzi sikumuyeretsa munthu.

Zonsezi zimagwira akuba. Koma kampani yolembetsedwa, ya zaka zambiri, yokhala ndi ofesi yeniyeni, ikhoza kudutsa mayeso onsewa n'kukhalabe yopanda ntchito kwa inu. Mayeso otsatirawa ndi amene ndimawaona olemera kuposa onse, ngakhale amatenga masiku angapo.

Apempheni kuti muone kaundula wawo wa akatswiri uja musanalipire. Sankhani nokha mayina asanu, makamaka a anthu a ntchito ngati yanu ndi a maiko oyandikana nafe. Musalandire mayina amene iwo akusankhirani. Anthu asanuwo apezeni kwina, pa LinkedIn kapena ku malo awo a ntchito, ndipo muwafunse mwaulemu mafunso atatu: munalipira zingati zonse pamodzi, mwapeza ntchito kapena kasitomala kudzera kumeneko, ndipo mutafuna kusiya zinayenda bwanji? Pa asanu mwina ayankha awiri, ndipo awiriwo akuuzani zambiri kuposa webusaiti yonse. Mukapeza wina wodabwa kuti dzina lake lilimo, dziwani kuti kaundulayo anangokopera kwina. Akakana kukuonetsani kaundula ponena kuti ndi wa mamembala okha, dzifunseni: ngati ine sindingamuone, bwana wofuna wowerengera ndalama amuona bwanji?

Chitaninso chimodzimodzi ndi makampani amene zizindikiro zawo azimata pa tsamba loyamba. Kumata chizindikiro cha banki kapena cha bungwe la United Nations ndi ntchito ya mphindi imodzi. Sankhani kampani imodzi kapena ziwiri, pezani nambala pa webusaiti yawo yeniyeni, imbirani ofesi yolemba antchito ndipo mufunse ngati amagwiritsa ntchito anthuwa. Ntchito zimene alengeza nazo muziyese: koperani chiganizo chimodzi, muchiike pa Google pakati pa zizindikiro zogwira mawu. Nthawi zambiri mupeza kuti chilengezocho anachitola pa tsamba laulere, mwinanso tsiku lofunsira linadutsa kalekale.

Ndemanga za anthu pa Trustpilot kapena pa Google zimathandiza mukaziwerenga mozondoka. Yambani ndi za nyenyezi imodzi ndi ziwiri, ndipo muone ngati dandaulo limodzi likubwerezedwa, monga kudulidwa ndalama popanda chilolezo kapena kusayankhidwa ukafuna kusiya. Ndemanga zotamanda makumi atatu zolembedwa sabata imodzi, zofanana kalembedwe, ndi zogula. Pofufuza pa Google lembani dzina la kampani pamodzi ndi mawu oti scam, complaints kapena refund, ndipo mupitirire tsamba loyamba, chifukwa makampani ena amalemba okha nkhani zodziyeretsa kuti zikwirire madandaulo.

Tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino ndipo mukufunabe kulowa. Musanapereke nambala ya khadi, werengani ndime zitatu m'malamulo awo: ya kubwereza umembala, ya kubweza ndalama ndi ya kusiya. Msampha waukulu ndi umembala wodzibwereza wokha. Madola 99 a chaka choyamba amakhala otsitsa, ndipo chaka chachiwiri amadula mtengo wonse pa khadi popanda kukufunsani. Ena amafuna kuti muwalembere masiku 30 kapena 60 chaka chisanathe, apo ayi mwavomera chaka china. Zimene mayiwo alonjeza pa foni zilibe mphamvu ngati sizinalembedwe, choncho apempheni azitumize pa imelo.

Njira yolipirira nayo imalankhula. Khadi ya Visa kapena Mastercard ili ndi njira yodandaulira kudzera ku banki yanu ngati simunalandire chimene munagula, ndipo nthawi yake kawirikawiri imakhala pafupifupi masiku 120. Ndalama yotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu, pa Western Union, kapena pa ndalama za crypto, ikangotapidwa kuibweza nkovuta kwambiri. Kampani imene ikuti ili ku London koma ikukupatsani nambala ya Mpamba yolembetsedwa m'dzina la munthu wamba, dzina limene limaoneka musanatsimikize kutumiza, musaipatse ngakhale tambala. Ndiponso ndi mmene madola akuvutira kupeza kuno, madola 99 si ndalama yoyesera mwayi.

Pali chinthu china chamtengo kuposa ndalamazo. CV yanu ili ndi dzina, foni, kumene mumagwira ntchito ndi mayina a okuchitirani umboni. Malo olumikizanitsa anthu safunikira chiphaso cha unzika, pasipoti, nambala ya akaunti ya ku banki kapena chithunzi chanu mutanyamula chiphaso. Zimenezi amafunsa ndi bwana amene wakulembani kale ntchito. Zikagwa m'manja olakwika, wina akhoza kutsegula akaunti kapena kutenga ngongole m'dzina lanu. PIN ndi manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa foni musauze aliyense. Ambiri alandidwa WhatsApp atauzidwa kuti manambalawo ndi olowera pa msonkhano wa pa intaneti. Pasiwedi ya pa tsamba latsopano ikhale yosiyana ndi ya imelo yanu. Ngakhale LinkedIn inaberedwa ma pasiwedi mamiliyoni mu 2012, nanji kakampani kosadziwika. Pa CV yoika poyera chotsani tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi mafoni a okuchitirani umboni. Lembani kuti mudzapereka akafunsa.

Mawu oti networking, kutanthauza kulumikizana ndi anthu pa za ntchito ndi malonda, amabisanso malonda ena osiyana kotheratu. Mukamva kuti mudzapeza ndalama pobweretsa anzanu, ndipo phindu lalikulu lili pa kulowetsa anthu osati pa kugulitsa chinthu, chimenecho ndi chipiramidi. Masamu ake ndi osavuta. Ngati aliyense ayenera kubweretsa anthu asanu, mzere woyamba uli ndi 5, wachiwiri 25, wachisanu 3,125, wakhumi 9,765,625, ndipo wotsatirawo ukufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'Malawi monse. Olowa mochedwa, omwe ndi ochuluka, ndiwo amalipira oyambawo, ndipo amene mumawakoka ndi abale anu ndi a kumpingo. Pali ena amene amakupatsani tintchito todina mavidiyo kapena kulemba ndemanga, amakulipirani pang'ono tsiku loyamba, kenaka amati muikemo zanu kuti mutsegule ntchito zazikulu. Enanso amakulembani ntchito yolandira ndalama pa akaunti yanu n'kuzitumiza kwina. Inu a zowerengera ndalama amakukondani pa msampha umenewu. Ndalamazo zimakhala zakuba, ndipo pansi pa lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017 amene apolisi adzayambe kumufunsa ndi mwini akaunti.

Popeza atchula za kunja, apa ndiye pofunika kusamala koposa, chifukwa chimene chimatayika si ndalama zokha. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu. Achinyamata ophunzira ochokera m'maiko a mu Africa akhala akuitanidwa ku ntchito za kompyuta ku Thailand n'kuwolotsedwa kupita ku Myanmar, kumene amatsekeredwa ndi kukakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Ngati ntchito ndi ya ku Britain, boma la kumeneko limaika pa gov.uk mndandanda wa mabwana amene ali ndi chilolezo cholemba anthu ochokera kunja. Dzina la bwanayo liyenera kupezekamo, ndipo mulankhule naye pa nambala imene mwaipeza nokha. Kuyambira pa 22 July 2025 Britain inatseka njira yolembera osamalira okalamba ndi odwala kuchokera kunja, choncho wogulitsa malo otero lero akugulitsa mphepo. Pa ntchito ina iliyonse ya kunja, funsani ku Unduna wa Zantchito ngati amene akukutumizaniyo amamudziwa, kalata ya mgwirizano muione musananyamuke, ndipo musavomere kupita kukagwira ntchito ndi viza ya mlendo.

Ngati munapereka kale nambala ya khadi, imbirani banki lero lomwe kuti aitseke ndi kukupatsani ina, ndipo mulembe dandaulo la ndalama imene yadulidwa. Ngati munatumiza pa foni, dziwitsani Airtel kapena TNM nthawi yomweyo, ndalamayo isanatapidwe. Jambulani mauthenga onse, nambala zawo ndi umboni wa kulipira musanawatseke, chifukwa iwo amafufuta msanga. Kanenani ku polisi, ku nthambi ya Fiscal, poti chinyengo cha pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016. MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga, imalandira madandaulo okhudza manambala a foni obera anthu, ndipo ngati ndi kampani ya kuno imene inanama potsatsa malonda, pitani ku Competition and Fair Trading Commission. Pakapita masiku mwina wina adzakuimbirani kuti angakubwezereni ndalama zanu mukamulipira kaye pang'ono. Kawirikawiri amakhala omwewo, kapena anzawo amene anagula mndandanda wa oberedwa.

Mayiwo akaimbanso, musatsutsane nawo ndipo musafotokoze za chuma chanu, poti chifukwa chilichonse chimene mungapereke ali nalo kale yankho lake pa pepala. Auzeni modekha kuti: "Zikomo mayi. Nditumizireni pa imelo dzina limene kampani inalembetsa ndi nambala yake, mtengo wonse wa chaka choyamba ndi chachiwiri, malamulo a kubweza ndalama, makampani atatu amene alemba anthu ntchito kudzera mwa inu chaka chino, ndi njira yoti ndione kaundula wanu. Ndikaona ndidzakuyankhani sabata yamawa." Kampani yoona zinthu zisanuzi ili nazo pafupi ndipo imatumiza tsiku lomwelo. Akatsitsa mtengo m'malo motumiza, kapena akakuuzani kuti Lachisanu lasunthira Lolemba chifukwa cha inu, dulani foni ndipo mutseke nambalayo.